Phunziro: Galimoto Yoyenda Mwakachetechete

Pa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale, ambiri timawoloka msewu modalira makutu. Tikamva injini ikulira kumbuyo, timapatuka osacheuka n'komwe. Mayi wosenza dengu la nanazi sangamatembenuze khosi pafupipafupi. Khutu ndilo limamuuza kuti kukubwera galimoto.

Masiku ano kwabwera magalimoto osalira. Ena amayendera magetsi okhaokha a m'batire. Ena, monga Toyota Aqua ndi Prius ochokera ku Japan, ali ndi injini ya petulo komanso mota ya magetsi. Magalimoto oterewa akamayenda pang'onopang'ono, injini imatha kuzima, n'kumayendera batire basi. Galimoto imangofika pamsana panu muli mkati monenerera mtengo wa tomato. Amene ali pangozi kwambiri ndi anthu osaona, okalamba ndi ana.

N'chifukwa chake opanga magalimoto anayamba kuikamo kachipangizo kochenjeza oyenda pansi, kotchedwa AVAS. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya belu la njinga ya kabaza, koma kameneka sikadikira dalaivala. Kamalira kokha.

Kamagwira ntchito motere. Kuseri kwa bampala kuli kasipika kakang'ono. Kompyuta ya m'galimoto imadziwa liwiro limene galimoto ikuyenda. Galimoto ikangonyamuka, kompyuta ija imalamula kasipika kuti kalire. Dalaivala akawonjezera moto, kulirako kumakwera, akachepetsa, kumatsika. Motero munthu wosaona amadziwa ngati galimoto ikunyamuka kapena ikufuna kuima. Kamaliranso galimoto ikamabwerera m'mbuyo, nthawi imene dalaivala saona bwino mwana amene ali kumbuyo kwake.

Nanga galimoto ikathamanga? Kamasiya kulira. Pamenepo matayala okhudza phula ndiponso mphepo zimasokosera mokwanira. M'maiko a mu European Union, lamulo limati kazilira kufikira liwiro la makilomita 20 pa ola, ndipo kuyambira pa 1 Julaye 2021 galimoto yatsopano iliyonse ya mtunduwu iyenera kukhala nako. Ku America malire ake ndi makilomita 30 pa ola.

Koma tisadzinamize. Magalimoto ambiri obwera kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Ena anapangidwa malamulowa asanakhazikitsidwe, ndiye alibe kachipangizoka. Ena ali ndi batani lozimitsira, ndipo dalaivala wolidina amalakwira anthu oyenda pansi. Komanso kuliraku si kwamphamvu ngati hutala. Tsiku la msika, pakati pa mawailesi ndi oitanira minibasi, mutha osakumva. Choncho pa msewu wa ku Muloza yendani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto amene akubwera, ndipo musanawoloke yang'anani mbali zonse ziwiri.

Kambiranani m'magulu: Kodi kwanuko ndi malo ati amene galimoto zimayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu? Mungamuthandize bwanji munthu wosaona kuwoloka pamalo amenewo?