Malangizo: Mota ya Chigayo Isapse M'chilimwe

Omvera athu a ku Kawaza ndi midzi yoyandikana ndi Mfuwe, makamaka inu eni zigayo ndi mapampu a madzi, tcherani khutu.

M'kati mwa mota muli mawaya a kopa okulungakulunga, ndipo waya aliyense anamukuta ndi vanishi wopyapyala kuti asakhudzane ndi mnzake. Vanishiyo akapsa, mota yatha basi. Yang'anani kachitsulo kolembedwa pambali pa mota. Mukaona Class B, ndiye kuti imapirira madigiri 130. Class F imafika 155, H imafika 180. Kutentha kukaposa malirewo ndi madigiri 10 okha, zaka zomwe vanishiyo akanakhala zimadulidwa pakati.

Nanga kuno kuchigwa, kumene dzuwa la Okutobala limafika madigiri 40 mota isanalire n'komwe? Muzipukuta fumbi la ufa polowera mphepo, ndipo musaiphimbe ndi saka ikamagwira ntchito. Magetsi akafooka mota n'kumangong'ung'udza, zimitsani msanga.

Ikapsa n'kupita nayo kwa amisiri ku Chipata, musachite manyazi: auzeni aike waya wa Class F ndi pepala lopirira kutentha la Nomex, ndipo aiyeze ndi megger, chida choona ngati magetsi sakuthawa m'mawaya, musanalipire.