Chifukwa Chake Asilikali a M'thupi Saukira Thupi Lanu

Ambiri tinamvapo za CD4 pa nkhani ya HIV. Amenewa ndi gulu limodzi la asilikali a m'thupi otchedwa maselo a T, omwe amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Nanga amadziwa bwanji kuti mtima, khungu ndi impso si adani?

Amayamba ayesedwa

Maselowa amachokera m'mafuta a m'mafupa, n'kukakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, komwe kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kumeneko amaonetsedwa tizigawo ta thupi lomwelo. Amene aonetsa ukali pa tizigawoti amafera konko. Ochepa okha ndi amene amaloledwa kulowa m'magazi.

Ali ndi owaletsa

Ena aukali amapulumuka ndithu. Koma pali gulu lina la maselo a T lomwe ntchito yake ndi kuletsa anzawo. Gululi analitulukira Shimon Sakaguchi wa ku Japan mu 1995, ndipo mu 2025 iye, Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wa nkhaniyi.

Zikasokonekera

Galu wolondera akayamba kuluma eni nyumba, ukali wake suthandizanso. N'chimodzimodzi chitetezo chikaukira thupi:

- Chikawononga maselo opanga insulini m'kapamba, munthu amadwala shuga wa mtundu woyamba, amene amakonda kuyamba paubwana.
- Chikagwira molumikizana mafupa, pamabwera mtundu wina wa nyamakazi.
- Zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zikapanda kuchizidwa mwa mwana, chitetezo chikhoza kusokonezeka n'kuwononga mtima.

Matenda a chitetezo choukira thupi sapatsirana, ndipo si ufiti.

Pitani kuchipatala msanga ngati:

- mwana akumva ludzu kwambiri, akukodza pafupipafupi ndiponso akuwonda;
- molumikizana mafupa mwatupa ndipo mukuuma m'mawa kwa masabata angapo;
- mwana ali ndi zilonda zapakhosi komanso watentha thupi.

Kumbukirani

- Malizani mankhwala onse amene mwapatsidwa.
- Wodwala shuga wa mtundu woyamba asadumphitse jakisoni wa insulini.
- Musataye ndalama pa mankhwala amene amati "amakweza chitetezo". Pa ena mwa matendawa chofunika ndi kuchepetsa ukali wa chitetezo, ndipo zimenezi amadziwa ndi adokotala.

Ngati muli ndi mafunso, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.