Phunziro la Luso la Manja: Kukhoma Kabati ya TV Yolimba

M'nyumba zambiri TV ikagulidwa, malo ake oyamba amakhala pa tebulo lodyera, pa mpando wakale kapena pa katebulo kopendekeka komwe mwendo umodzi anauchirikiza ndi kachidutswa ka njerwa. Banja limasunga ndalama miyezi yambiri kuti ligule chipangizochi, kenako n'kuchikhazika pamalo pomwe mwana wokwawa akhoza kuchigwetsa pongokoka waya. TV ikagwa imasweka, ndipo ikagwera mwana wamng'ono imamuvulaza mutu kapena chifuwa. Phunziro la ulendo uno likufotokoza momwe mungakhomere kabati yathabwa yonyamula TV, dikoda ndi zina zotero. Ophunzira muona kuti masamu a m'kalasi ali ndi ntchito pa benchi ya kalipentala. Makolo amene simukhoma nokha mudziwa zoti muuze mmisiri ndi zoti muyang'ane musanalipire.

Yambani ndi kuyeza TV

Wogulitsa akati TV ndi ya mainchesi 32 kapena 43, sakunena mulitali mwake. Nambalayi amaipeza poyeza galasi kuchokera pa kona ya pansi kufika pa kona ya pamwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho TV ya mainchesi 43 ili ndi masentimita 109 kona ndi kona. Ma TV ambiri a masiku ano amapangidwa moti mulitali ukakhala magawo 16, msinkhu umakhala magawo 9. Mukagwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras mupeza kuti galasi la TV imeneyi ndi pafupifupi masentimita 95 mulitali ndi 54 msinkhu. Ya mainchesi 32 ndi pafupifupi 71 ndi 40.

Ngakhale mwawerengetsa chonchi, tengani tepi muyeze TV yeniyeniyo pamodzi ndi felemu yake. Yezaninso mtunda wa pakati pa miyendo yake, chifukwa ma TV ambiri ali ndi miyendo iwiri yotalikirana, pafupi ndi m'mphepete. Pamwamba pa kabati pazitsala malo osachepera masentimita 10 mbali iliyonse, kuti munthu wodutsa asagunde TV ndi phewa kapena chigongono.

Msinkhu wa kabati umatengera pomwe anthu amakhala. Pakati pa galasi pazikhala pafupi ndi mulingo wa maso a munthu amene wakhala pansi pa mpando. Kwathu kuno ana ambiri amaonera ali pa mkeka, ndiye kabati yayitali imawapweteka khosi. Kabati yaifupi ndi yotakata pansi ilinso ndi ubwino wina: sigwa msanga.

Miyezo ya kabati yathu

Kabati ya chitsanzo chathu ndi ya masentimita 120 mulitali, 40 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi 55 msinkhu. Imakwana TV ya mainchesi 43 kapena yocheperapo. Ili ndi zipinda zitatu: chapakati chotseguka cha dikoda, ndi ziwiri za m'mbali zokhala ndi zitseko. Tiyerekeze kuti matabwa onse ndi okhuthala masentimita 2 akapalidwa. Zidutswa zake ndi izi, m'masentimita:

- thabwa la pamwamba ndi la pansi: awiri, 120 ndi 40
- matabwa oimirira, awiri a m'mbali ndi awiri ogawa zipinda: anayi, 43 ndi 40
- shelefu ya chipinda chapakati: imodzi, 48 ndi 38
- zitseko: ziwiri, 42.6 ndi 31.6
- felemu ya pansi yokhazikapo kabati, yotalika 8 kuchokera pansi: zidutswa ziwiri za 116 ndi zitatu za 32
- pulayiwudi wa kumbuyo: 120 ndi 47

Onani m'mene manambalawa akugwirizanirana. Matabwa anayi oimirira akudya masentimita 8 pa 120 paja, kutsala 112. Tikapereka 48 ku chipinda chapakati, zipinda za m'mbali zikutenga 32 chilichonse. Msinkhu ndi 8, kuphatikiza 2, kuphatikiza 43, kuphatikiza 2, zonse 55. Zitseko tazichepetsa ndi mamilimita 2 mbali zonse kuti zizitseguka osakhula. Amene amaiwala kuchotsa kukhuthala kwa matabwa amadzadabwa tsiku lolumikiza, shelefu ikukana kulowa.

Dziwaninso chifukwa chake thabwa la pamwamba likugona pa matabwa oimirira, ndipo oimirirawo akuponda thabwa la pansi. Kulemera kwa TV kumatsika kudzera m'matabwa mpaka pansi. Mukalowetsa thabwa la pamwamba pakati pa matabwa a m'mbali, katundu yense amalendewera pa misomali yokha.

Kusankha matabwa

Paini, monga amene amachokera ku Chikangawa ndi kuphiri la Zomba, ndi wopepuka, wosavuta kucheka ndi kupala, ndipo ndiye woyenera wophunzira. Vuto lake ndi lakuti ndi wofewa, ali ndi mfundo zambiri, ndipo chiswe chimamukonda. Bulugamu ndi wolimba koma amakonda kung'aluka ndi kupindika akamauma. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola ya mipando, koma imatenga zaka zambiri kuti ikule ndipo yatha m'madera ambiri, choncho mtengo wake ndi wokwera. Mkungudza wa kuphiri la Mulanje ndi wotetezedwa chifukwa watsala pang'ono kutheratu. Wina akakutsatsani, kanani.

Thabwa limodzi lotakata masentimita 40 silipezeka kawirikawiri. Amisiri amapala m'mphepete mwa matabwa awiri mpaka atagwirana popanda mpata, n'kuwamata ndi guluu. Njira ina ndi kugula bulokubodi imodzi ya masentimita 244 ndi 122. Mukaicheka mulitali kukhala mizere itatu ya 40, mzere woyamba utulutsa thabwa la pamwamba ndi la pansi, wachiwiri matabwa anayi oimirira ndi shelefu, wachitatu zitseko ndi felemu ya pansi. Bodi imodzi ikukwana kabati yonse kupatula kumbuyo.

Chinthu chachikulu pa matabwa ocheka ndi kuuma. Thabwa laliwisi likamataya madzi limachepa mulifupi, koma mulitali limakhala pafupifupi chimodzimodzi. Kabati yokhomedwa ndi matabwa aawisi imaoneka bwino sabata zoyamba, kenako mipata imatseguka, zitseko zimakhota, pamwamba pamapindika ngati lichero ndipo TV imayamba kugwedera. Sanjikani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, potalikira ndi dothi, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake muziika timitengo tofanana. Musawayanike padzuwa, amang'aluka. Pofuna kudziwa ngati auma, yezani thabwa limodzi pa sikelo sabata iliyonse ndi kulemba. Likasiya kupepuka, lauma. Paja akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Zida ndi kadulidwe

Mufunika tepi, pensulo, sikweya, sowo, puleni, hamala, choboolera, masikuluu a masentimita 5, timisomali ta pulayiwudi, guluu wa matabwa, sandipepa, mahinjesi anayi, zogwirira zitseko ndi vanishi. Ngati mulibe zopanira matabwa pomata, malegeni omangidwa zolimba amagwira ntchito.

Yezani kawiri musanacheke. Jambulani mzere ndi sikweya, ndipo sowo iziyenda kunja kwa mzere, mbali ya chidutswa chotsala, chifukwa sowo imadya mamilimita awiri kapena atatu paliponse yadutsa. Pa chifukwa chomwechi musajambule zidutswa zonse nthawi imodzi pa thabwa limodzi. Chekani chimodzi, yezani chotsatira. Matabwa anayi oimirira aja muwasanjike pamodzi ndi kuwapala mpaka atafanana ndendende. Limodzi likatalika ngakhale mamilimita atatu, pamwamba pa kabati sipagona bwino.

Ophunzira, gwirani ntchitoyi pali wamkulu. Dzanja logwira thabwa likhale kutali ndi njira ya sowo, valani nsapato, ndipo zida zakuthwa musazisiye pansi pomwe azing'ono anu akusewera.

Kulumikiza

Pa thabwa la pansi ndi la pamwamba jambulani pomwe matabwa oimirira adzaponde. Boolani mabowo atatu pa mzere uliwonse musanalowetse masikuluu, kuopa kung'alula thabwa, makamaka pafupi ndi m'mphepete. Guluu yekha sagwira bwino kumapeto kwa thabwa komwe sowo yadula, chifukwa mbali imeneyi imamwa guluu ngati siponji, n'chifukwa chake timawonjezera masikuluu. Mitu ya masikuluu a pamwamba muilowetse mkati pang'ono ndi kutseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Guluu wotuluka m'mbali mumupukute ndi kansalu konyowa asanaume, apo ayi adzaoneka ngati zipsera pansi pa vanishi.

Musanakhome pulayiwudi, gonekani kabati chafufumimba ndipo muyeze kumbuyo kwake kona ndi kona, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyi ikafanana, makona onse ali bwino. Pa kabati yathu uliwonse ukhale pafupifupi masentimita 128.9. Ikasiyana, kankhani pang'ono kona ya mbali yotalikayo mpaka ifanane, kenako khomani pulayiwudi ndi timisomali motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuphatikizapo pa matabwa ogawa zipinda. Pulayiwudi ameneyu ndiye amaletsa kabati kugwedezeka uku ndi uku, choncho musamusiye pofuna kupulumutsa ndalama.

Felemu ya pansi ilowe mkati masentimita 2 okha mbali zonse. Ikalowa kwambiri, kabati imapendekera kutsogolo mwana akatsamira. Felemuyi imatetezanso kabati ku madzi okolopera.

Mpweya, mawaya ndi batire

Dikoda ndi zida zina zamagetsi zimatentha, ndipo kutentha kumafupikitsa moyo wake. N'chifukwa chake chipinda chapakati tachisiya chopanda chitseko. Kumbuyo kwa chipindachi boolani mabowo awiri a masentimita 5 kapena 6, lina pamwamba pa shelefu lina pansi pake, odutsa mawaya ndi mpweya. Siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10 pakati pa kabati ndi khoma. Mfundo yomweyi igwira ntchito pokhoma kabati ya makina a zokuzira mawu ku holo ya sukulu kapena kumzikiti.

Mabanja ogwiritsa ntchito sola asatsekere batire la asidi m'chipinda chokhala ndi chitseko. Batire lotere likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidirojeni umene umayaka msanga ukaunjikana, ndipo asidi akadontha amadya thabwa. Likhale pansi, pamalo popita mphepo, pomwe ana safika.

Kusalaza ndi kupaka

Yambani ndi sandipepa wa nambala 80, kenako 120, n'kumaliza ndi 180. Nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala. Khulani motsatira mizere ya thabwa, ndipo makona akuthwa a thabwa la pamwamba muwazungulitse pang'ono, kuti asavulaze mwana woyamba kuyenda. Pakani vanishi kawiri kapena katatu, kudikira aume ndi kukhula pang'ono pakati pake. Pakani mbali zonse, ndi zosaoneka zomwe. Thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi cha nthawi ya dzinja mbali inayo n'kupindika. Gwirani ntchitoyi panja kapena mazenera ali otsegula, kutali ndi mbaula. Kabati ikalowa m'nyumba, muziisuntha mwa apo ndi apo kuona ngati chiswe sichinamange tinjira tadothi kumbuyo kapena pansi.

Mangirirani TV

Kabati yolimba siletsa TV kugwa. TV yopyapyala imaima pa timiyendo tating'ono, ndipo zakale za chimsana zija zimalemera kutsogolo komwe kuli galasi. Kumbuyo kwa ma TV a masiku ano kuli mabowo anayi a masikuluu opachikira pakhoma. Gwiritsani ntchito awiri a pamwamba kumangirira malamba olimba, ndipo mbali inayo muimange ku khoma ndi masikuluu olowa mu njerwa. Masikuluu olowa mu TV akhale a muyezo umene buku lake lanena, chifukwa aatali amaononga za mkati. Katundu wolemera aikidwe m'zipinda za pansi. Rimoti, maswiti ndi zoseweretsa musaziike pamwamba pa kabati, zimaitana mwana kuti akwere. Mawaya amangidwe pamodzi kumbuyo komwe dzanja lake silifika.

Makolo opita kwa kalipentala, mupatseni miyezo yolembedwa papepala, gwirizanani mtundu wa matabwa ndi mtengo ntchito isanayambe, ndipo funsani ngati matabwa ndi ouma. Polandira, ikani kabati pamalo osalala muikankhe m'mbali, tsegulani zitseko, yezani kona ndi kona, suzumirani pansi ngati anapaka. Safunsa anadya phula.

Ntchito ya ophunzira

1. Yezani TV ya kwanu kapena ya kwa achibale kona ndi kona m'masentimita, ndipo musinthe yankho likhale m'mainchesi.
2. Bulokubodi yambiri ndi yokhuthala mamilimita 18. Mukaigwiritsa ntchito, chipinda chapakati n'kukhalabe 48, zipinda za m'mbali zikhala zotakata bwanji? Nanga msinkhu wa kabati yonse?
3. Sonyezani momwe 128.9 wapezekera.
4. Jambulani kabati yokwana TV ya mainchesi 32, lembani mndandanda wa zidutswa zake, ndipo mufunse mitengo ya matabwa, masikuluu ndi vanishi pa msika wa kwanu kuti mupeze ndalama zonse zofunika.