KUDZIWA NDI KUNGOGANIZA: PHUNZIRO LA NZERU ZA MUNTHU

M'maseminale akuluakulu, anyamata ofuna unsembe asanayambe maphunziro a za Mulungu, amayamba aphunzira filosofi. Chigawo china cha filosofiyo chimatchedwa epistemoloji, kuchokera ku mawu a Chigriki otanthauza kudziwa. Funso lake ndi ili: munthu akanena kuti "ndikudziwa", kodi wadziwa bwanji? Ena angayese kuti funsoli ndi la anthu ophunzira okha, koma anthu a ku Chiradzulu adaliona likulowa m'midzi mwawo.

M'chaka cha 2017, miyezi ya September ndi October, idabuka mbiri ya anamapopa. Idayambira cha ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu adagona panja ndi zibonga, misewu idatsekedwa, ndipo anthu osachepera 8 adaphedwa powaganizira kuti amapopa magazi. Madokotala sadapeze umboni wakuti wina aliyense adapopedwa magazi. Amene adapha anzawo adali otsimikiza mumtima, koma sadadziwe kanthu.

Kodi kudziwa nchiyani?

Plato, wanzeru wa ku Athens amene adamwalira zaka zoposa 300 Ambuye Yesu asanabadwe, adasiyanitsa kudziwa ndi kungoganiza. Potsata iye, aphunzitsi amatchula zinthu zitatu zofunika. Choyamba, munthu avomere chinthucho mumtima mwake. Chachiwiri, chinthucho chikhale choona. Chachitatu, akhale ndi chifukwa chokwanira chochivomerera. Mlimi akalota kuti mvula igwa Lachitatu, nigwadi, sadadziwe ayi. Wangokumana ndi mwayi. Mantha ndi mkwiyo zimalimbitsa choyamba chokhacho, koma sizipatsa chachiwiri ngakhale chachitatu.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndiyo maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu. Thomas Aquinas Woyera (1225–1274), potsata Aristotle, adaphunzitsa kuti kudziwa konse kwa munthu pansi pano kumayambira m'zimenezi. Komabe zimatha kunyengeka. Ndodo yoongoka ikamizidwa mu mtsinje wa Mombezi imaoneka yopindika, ndipo usiku chitsa chimasanduka munthu kwa amene ali ndi mantha. Mankhwala ake si kutaya maso, koma kuyang'ananso bwino, monga adanenera makolo kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yachiwiri ndiyo kulingalira. Mayi akaona nankafumbwe pakamwa pa thumba amadziwa kuti chimanga chafumbwa, ngakhale sadafike pansi pake. Nzeru zimachoka pa chooneka n'kufika pa chosaoneka. Koma zikathamanga zimagwa. Mlendo wafika m'mudzi, mawa lake mwana wadzuka wofooka. Sindiye kuti mlendoyo ndiye wachititsa, pakuti malungo amafooketsa mwana ngakhale kusabwere mlendo.

Njira yachitatu ndiyo umboni wa ena, ndipo zambiri zimene munthu amadziwa zimadzera m'menemu. Palibe wamoyo lero amene adaona ansembe a Montfort akutsegula mishoni ya Nguludi m'chaka cha 1903, komabe akhristu amadziwa zimenezi chifukwa cha zolemba ndi mawu a akuluakulu. Augustine Woyera (354–430), episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adaonetsa kuti ngakhale makolo ake enieni munthu amawadziwa pouzidwa ndi ena. Tsono kukhulupirira mboni si kupusa. Kupusa ndiko kukhulupirira mboni osaiyesa.

Kuyesa mboni

Mbiri ikafika, kaya pamsika, kaya pachitsime, kaya pa foni, mkhristu afunse mafunso anayi. Kodi wonenayu adaona yekha, kapena naye adangomva? Kodi ndi munthu wodziwika kuti amanena zoona? Kodi apindulapo chiyani anthu akakhulupirira? Kodi ilipo mboni ina imene sidamve kwa iyeyu? Anthu zana obwereza mawu a munthu mmodzi ndi mboni imodzi basi. Mbiri ya anamapopa ikadaimitsidwa pa mafunso amenewa, sikadapitirira funso loyamba. Safunsa adadya phula.

Chikhulupiriro ndi nzeru

Mpingo suopa mafunso, pakuti Mulungu amene adaulula choona ndi yemweyo amene adalenga nzeru za munthu. Luka Woyera, poyamba Mthenga wake, akufotokoza kuti adafufuza zonse mosamala kwa amene adaziona ndi maso. Chikhulupiriro cha akhristu chatsamira pa mboni zimene zidalola kufa chifukwa cha zimene zidaona, osati pa mphekesera.

Chifukwa chake akatekisiti, pophunzitsa lamulo lachisanu ndi chitatu loletsa umboni wonama, aonjezepo mfundo iyi: amachimwa si wopeka bodza yekha, komanso amene amafalitsa chimene sadachiyese, makamaka pamene mbiri kapena moyo wa mnzake uli pangozi. Aphunzitse ana a katekisimu kusiyanitsa mawu atatu awa: "ndaona", "ndamva", "ndikuganiza", ndi kutchula lililonse pamalo pake.