Foni ya ku Joni

Mtsikana wina wa ku Nambuma anakwatiwa chitengwa m'mudzi wina kwa Kabudula. Banja lisanathe zaka ziwiri, mwamuna wake anapita ku Joni kukasaka maganyu, n'kumusiya ndi khanda, munda wa soya ndi apongozi osakonda zolankhula. Iye anali wamanyazi chibadwire. Sukulu analekezera Fomu 2, ndipo amayi anzake akayamba macheza pamjigo, ankangotunga madzi n'kumapita, poganiza kuti alibe chanzeru choti n'kunena.

Kenaka mwamuna uja anatumiza foni yatachi, ndipo mlamu wake anamutsegulira Facebook ndi WhatsApp. Atangoika chithunzi choyamba atavala chitenje chatsopano, ndemanga zinayamba kugwa: "Mwatchena mayi!" "Chiphadzuwa!" Chikwatiwire, mawu otere anali asanawamvepo.

Kuyambira tsikulo foni sinachokenso m'manja. Tambala woyamba ankalira iye ali maso, akuwerenga amene amuyamikira. Ndiwo zinkapserera pamoto, mwana akulira pamkeka. Akaona anzake a kusukulu atajambulitsa atatsamira galimoto ku Area 25, ankadziona wotsalira, ndiye ankaikanso chithunzi china kuti mtima ukhale pansi. Batire ikatha ankayenda mpaka pa Nsaru kukatchajitsa. Bandulo ikatha ankatapa soya m'thumba kukagulitsa kwa mavenda.

Mlamu wake uja anali ndi foni ngati yomweyo, koma akafunsa mtengo wa mbewu n'kuwerenga uthenga wa kukwaya, ankaiponya m'chikwama. Anali ndi anzake ku banki m'khonde, kutchalitchi ndi kudimba.

"Alamu, tiyeni kukwaya, mukaoneko anthu," ankatero.

"Pitani alamu, ine mutu ukundiwawa."

Ndi nthawi imeneyi pamene mwamuna wina wosadziwika anayamba kumulembera. Ankamufunsa ngati wadya, ngati mwana wagona. "Inu ndinu osiyana ndi akazi ena onse," ankalemba choncho usiku uliwonse. Atamuzolowera, anapempha chithunzi chimene mkazi satumizira mlendo. Mtsikanayo anazengereza, koma poopa kutaya munthu yekhayo amene ankamumvetsera, anatumiza.

M'mawa mwake uthenga unali wina: "Tumiza ndalama pa nambala iyi. Ukakana, chithunzi chako chifika ku Joni."

Anagulitsa soya yense wotsala. Ulendo wachiwiri anatenga katapila. Ndalama zitamuthera, chithunzi chija chinayamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp mpaka kwa mwamuna wake. Ankhoswe anakhala pansi koma zinakanika, ndipo mtsikanayo anabwerera kwawo ndi mwana kumsana, ngongole ili pakhosi.

Ambiri m'mudzimo anati foni ndiyo yapasula banja. Nanga ya mlamu wake inalekeranji kupasula? Vuto linayamba foni isanabwere: kusungulumwa, kudzikayikira, ndi manyazi amene anamutsekera m'nyumba. Munthu wodziona wachabechabe amafuna wina womuuza kuti ndi wofunika, ndipo akamupeza pafoni amabwererako kawirikawiri. Koma pa Facebook aliyense amaonetsa tsiku limene watchena, osati limene wagona ndi njala. Wodzikayikira akamayerekeza moyo wake ndi zimenezo, amadzinyoza kuposa kale, n'kutalikirananso ndi anthu amene ali pafupi.

Akatswiri a ku yunivesite ya Bergen ku Norway anatchula zizindikiro za kukodwa ndi Facebook mu 2012: kumangoganiza za Facebook, kuthawirako pofuna kuiwala mavuto, kusowa mtendere ukalephera kulowako, kuyesa kuchepetsa koma osakwanitsa, ndi ntchito kuyamba kuwonongeka. Mu 2018, pa kafukufuku wa ophunzira 143 ku yunivesite ya Pennsylvania ku America, amene anauzidwa kuti asapitirire mphindi 30 patsiku pa masamba a mchezo ngati Facebook kwa masabata 3 anapezeka kuti kusungulumwa kwawo kwachepa.

Choncho ngati zizindikirozi mukuziona mwa inu, dziikireni malire, ndipo nthawi yotsalayo mukaithere pamene pali anthu: kukwaya, kumpira, kudimba. Wina akakuopsezani ndi chithunzi, musatumize ndalama, pakuti wotere sakhuta. Sungani mauthengawo, uzani wachibale amene mumamukhulupirira, n'kupita kupolisi ku Victim Support Unit. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti.

Phunziroli si la mtsikana yekha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Namitete kuli akazi ambiri amene amuna awo ali ku Joni. Inu apongozi, inu ankhoswe, musadikire mlandu kuti mukhale naye pansi mtengwa wanu. Mukaona kuti sakutuluka, pitani mukamuchezere, ndipo akakana ulendo woyamba, mupitenso mawa lake.