PHUNZIRO 17: KAGALU KOTAYIDWA

Kuwerenga: Miyambo 12:10

Cholinga: Ana adziwe kuchitira chifundo nyama yosowa mwini, koma mosamala moyo wawo.

KWA MPHUNZITSI

Galu akaswa ana ambiri, eni ake ena amakataya tiana tina m'mbali mwa msewu kapena kuseri kwa msika, monga ku Mbulumbuzi ndi ku Namitambo. Ambiri amene amatola tiagalu totere ndi ana athu. Ena amatigenda, ena amatinyamula pachifuwa. Pali choopsa mbali zonse ziwiri. Werengani vesili pamodzi ndi ana, muwafunse chimene munthu wolungama amachitira chiweto chake, ndipo muwaphunzitse zinthu zinayi izi.

1. Kuitana wamkulu

Mwana asatole kagalu yekha. Matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo mwa anthu 10 alionse omwalira, pafupifupi 4 ndi ana osafika zaka 15. Kagalu kakang'ono nakonso kangathe kupatsira chiwewe poluma, kapena ponyambita pa bala. Zizindikiro zikaoneka pa munthu, mankhwala palibe. Mwana akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, monga cha pa boma ku Chiradzulu. Auzeni ana kuti asabise bala poopa kukalipiridwa.

2. Kukasunga

Makolo akavomera, kagaluko kagone pa chiguduli chouma, malo ofunda, patali ndi makanda ndiponso ndi agalu ena. Kakakhala ndi masabata atatu kapena anayi kayamba kudya phala lofewa losakaniza ndi usipa wosinja. Gaga yekha sakwanira. Madzi akumwa asasowe. Mlangizi wa ziweto akapatse mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa.

3. Katemera

Bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera waulere ku Blantyre mu 2015, pogwirizana ndi a boma oona za ziweto, ndipo ntchitoyi inafikanso ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. Agalu 7 mwa 10 alionse m'dera akabayidwa, chiwewe chimaleka kufalikira. Galu wachikuda kapena wosakanizika mtundu ayenera katemera mofanana ndi wachizungu wogula ndi ndalama zambiri.

4. Kukapezera mwini

Si banja lililonse lingathe kusunga galu mpaka kalekale. Kusunga masabata owerengeka ndi kukapereka kwa wina si kulakwa. Koma kagalu kasaperekedwe kasanakwane masabata 8, ndipo kasaperekedwe kwa munthu aliyense wodutsa. Makolo afunse wofunayo: Kodi chakudya chidzapezeka ngakhale mwezi wa February? Kodi sadzakamanga pa unyolo padzuwa tsiku lonse? Kodi adzapita nako ku katemera chaka ndi chaka? Wolandirayo apatsidwe ndi chikalata cha katemera. Pakasowa munthu, ku Blantyre kuli bungwe la BSPCA limene limasamala nyama zotayidwa.

Dziwani kuti mwana amene wasunga kagalu adzalira tsiku lokapereka. Musamseke. Muuzeni kuti ntchito yake yatha bwino, popeza kamoyo kamene kakanafera m'ngalande tsopano kali ndi kwawo.

MAFUNSO

1. Kodi uchite chiyani ukapeza kagalu pa njira?
2. Bala la galu litsukidwe kwa mphindi zingati?
3. Tchula mafunso awiri ofunsa munthu wofuna kagalu.

NTCHITO

Ana achite kasewero: wina akhale mwana wopeza kagalu, wina kholo, wina mlangizi wa ziweto. Pa sabata la mawa aliyense adzanene ngati galu wa kwawo anabayidwa katemera chaka chino. Awuzeninso kuti 28 September ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse.