Pulogalamu Yaulere Yolembera pa Kompyuta

Funso: Kodi munthu amene sangakwanitse kugula Microsoft Office angalembe bwanji makalata popanda kugwiritsa ntchito pulogalamu yokopera mwakuba?

Yankho: Munthu wotere angadalire LibreOffice, mapulogalamu aulere amene bungwe la The Document Foundation linayambitsa mu 2010, ndipo mwa iwo muli Writer yolembera ndi Calc yowerengetsera ndalama. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwira ntchito popanda intaneti komanso imatsegula mafayilo a Word, ngakhale kuti nthawi zina maonekedwe a tsamba amasokonekera pang'ono, choncho kalata yofunika, monga yofunsira ntchito, iyenera kutumizidwa ngati PDF, mtundu wa fayilo umene susintha maonekedwe pa kompyuta iliyonse. Pa tabuleti, pulogalamu ina yotchedwa Collabora Office imagwira ntchito yomweyo.